Kope la Wodwala: Mmene Mungadziwire Ngati Mankhwala Achikuda Akuthandizadi

M'nyumba zambiri za ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika ngakhalenso kumidzi ya kwa Mpezeni ndi kwa Madzimawe, wodwala samwa mankhwala amtundu umodzi. Pawindo pamakhala mapiritsi a kuchipatala, kuseri kwa chitseko kuli botolo la mizu yonyika, m'khitchini muli ufa wa chamwamba, ndipo pakati pa sabata amayi a mumpingo amabwera kudzapemphera. Sindikulemba kuti ndikudzudzuleni ayi. Munthu akamadwazika amagwira paliponse pamene pangagwirike. Chimene ndikufuna tithandizane n'chakuti, pa zonsezi, mudziwa bwanji chimene chikuthandiza, chimene chikungodya ndalama, ndi chimene chikumupweteka wodwalayo mwakachetechete?

Mukafunsa kuti "Mwadzuka bwanji agogo?" yankho timalidziwa tonse: "Ndadzukako pang'ono, mwanangu." Ndi mawu aulemu, koma sakuuzani ngati lero kuli bwino kuposa Lolemba lapitalo. Nawonso mtima wa wodwazika umanyenga. Ukalipira makwacha 300 kwa sing'anga, maso ako amafunitsitsa kuona kusintha. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti musunge kope. Inu amayi mukuidziwa kale kadi ya sikelo ya mwana, mmene mzere wake umaululira ngati mwana akukula kapena akubwerera m'mbuyo, ngakhale pamene maso a mayi sakuona kanthu. Kope la wodwala ntchito yake ndi yomweyo.

Zofunika ndi zochepa: kope la ana asukulu, bolopeni, kapu imodzi ndi supuni imodzi zomwe muzipatule kuti zikhale za mankhwala okha, ndi wotchi ya pafoni. Kope ndi bolopeni si zodula. Ngati thumba likulola, gulani choyezera kutentha kwa thupi kusitolo ya mankhwala m'tauni. Makina a BP ndi odula, amafika makwacha mazana angapo, choncho musadzipanikize. Kukiliniki ya boma adzakuyezani. Nthawi yake ndi mphindi zisanu madzulo aliwonse, mphindi khumi ndi zisanu tsiku limodzi pa sabata, kwa masabata anayi.

Yambani kulemba mankhwala asanayambe

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amatsegula kope wodwala atamwa kale mizu masiku atatu, ndiye palibe chofanizira. Ngati matendawo ndi okhalitsa, monga msana, mawondo, kusowa tulo, mutu wobwerabwera kapena m'mimba mwa mpweya, lembani masiku asanu kapena sabata yathunthu musanayambe chatsopanocho. Chifukwa chake n'chakuti matenda otere amakwera ndi kutsika okha. Munthu amathamangira kwa sing'anga tsiku limene ululu wafika povuta, ndipo ululu ukafika pamenepo nthawi zambiri umatsika, kaya wamwa kanthu kaya sanamwe. Wosalemba amayamikira botolo pa ntchito imene thupi lagwira lokha.

Koma ndimveni bwino: kudikira kumeneku si kwa malungo, si kwa mwana amene watentha thupi, si kwa mayi woyembekezera. Amenewa ndi a kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngakhale matenda okhalitsawo, ayambe apimidwa kukiliniki kuti mudziwe dzina lake. Msana wowawa ukhoza kukhala wa khasu, ukhozanso kukhala wa TB kapena wa impso.

Wodwala asankhe yekha chomuvuta

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Khalani pansi ndi wodwala pa nthawi imene alendo achoka, mumufunse kuti, "Pa zonse zikukuvutanizi, chachikulu n'chiti?" Musamuyankhire. Inu mukhoza kuganiza kuti vuto ndi kutupa kwa bondo, pamene iye chikumusautsa n'chakuti sagona usiku. Lembani mawu ake momwe wanenera. Akati "miyendo imayaka moto", lembani zomwezo, musasinthe n'kulemba "kuwawa". Asankhe zovuta ziwiri basi. Zikachuluka kope limatopetsa ndipo sabata yachiwiri mudzalisiya.

Kenaka mufunseni ntchito imodzi imene matendawa amulanda: kupita kudimba, kutunga madzi pamjigo, kukwera njinga kupita ku Saturday Market, kugwada m'tchalitchi, kubereka mdzukulu. Funso limeneli ndimalikonda kuposa onse, chifukwa ntchito sinama. Munthu akhoza kukuuzani kuti ali bwino pofuna kuti musade nkhawa, koma ngati sabata yatha ankafika pamjigo ndipo lero wabwerera panjira, mwadziwa.

Funso lachinayi ndi la mumtima: "Sabata ino, moyo wanu wonse mukuumva bwanji?" Musalipeputse. Munthu amene wayambanso kuseka, kudya ndi anzake ndi kufuna kusamba wapezadi thandizo, ngakhale bondo likadali lotupa. Kuthowa, kusisita, mapemphero ndi kuchezeredwa zimagwira ntchito yake kwambiri pamenepa, ndipo kope liyenera kuzipatsa malo.

Njira imeneyi si yopeka. Dokotala wina wa ku England, Charlotte Paterson, anaifalitsa mu 1996 ndi dzina lakuti MYMOP, atafuna kudziwa ngati odwala akupezadi bwino, kuphatikizapo amene ankalandira thandizo losakhala la mapiritsi. Maziko ake ndi omwewa: wodwala asankhe yekha zizindikiro, atchule ntchito imene ikumukanika, anene za moyo wake wonse, ndipo afunsidwenso mafunso omwewo pakapita nthawi. Kuno ku Africa, bungwe la African Palliative Care Association, lomwe likulu lake lili ku Kampala, linakonza mafunso khumi a odwala matenda aakulu, asanu ndi awiri a wodwala ndi atatu a achibale, ndipo mayankho ake amayambira pa 0 kulekeza pa 5. Ifenso titsata manambala amenewa, popeza aliyense ali ndi zala zisanu.

Kuyeza ndi zala

Muuzeni wodwala kuti chibakera chofumbata ndiye kuti vuto palibe. Chala chimodzi, lilipo pang'ono. Zala zitatu, likusokoneza ntchito. Zala zonse zisanu, lafika poti sangapirire. Mafunso onse anayi ayende mbali imodzi: zala zambiri ndiye kuti zinthu zaipa. Ena amasokoneza n'kuika 5 ngati "bwino kwambiri" pa funso la mumtima, ndiye pakutha pa mwezi palibe amene akumvetsa kopelo.

Jambulani mizere patsamba: tsiku, vuto loyamba, vuto lachiwiri, ntchito, mumtima, tulo, chakudya, zimene wamwa, ndi danga lalikulu kumapeto la zachilendo. Mavuto awiriwo funsani tsiku lililonse. La ntchito ndi la mumtima, kamodzi pa sabata. Pa tulo lembani kuti wadzuka kangati usiku. Pa chakudya werengani mitanda ya nsima, kapena lembani kuti phala watsiriza, wasiya theka, kapena wakana.

Funsani pa nthawi yomweyomweyo, makamaka mukatha kudya nsima yamadzulo, ndipo wofunsa akhale mmodzi. Ngati n'kotheka asakhale amene analipira mankhwalawo. Agogo sangauze mpongozi wawo amene anagulitsa thumba la mtedza kuti mizu yake sikugwira. Adzakweza chala chimodzi pamene mumtima muli zinayi. Mdzukulu wa giredi 7 amagwira bwino ntchito imeneyi, ndipo amalemba mwaukhondo. Musafunse kuti "Lero kuli bwinoko, eti?" chifukwa yankho mwamupatsa kale. Ingonenani kuti "Msana lero, zala zingati?" Musamuonetsenso za dzulo asanayankhe za lero. Ngati panyumba palibe wodziwa kulemba, timizere tikwanira: timizere titatu, zala zitatu. Mukaiwala tsiku, lisiyeni lopanda kanthu, musalembe zam'mutu.

Lembani zonse zolowa m'thupi

Patsamba loyamba lembani mankhwala onse: a kuchipatala ndi mayina ake monga alembedwera pakapepala, ndi achikuda onse. Ngati sing'anga wakuuzani dzina la mtengo, lembani, komanso ngati ndi muzu, khungwa kapena masamba. Lembani kuti mwawiritsa kapena mwanyika, m'madzi ochuluka bwanji, tsiku liti. Apa ndi pamene kapu imodzi ija ikufunika. "Kapu m'mawa, kapu madzulo" sizitanthauza kanthu ngati lero ndi kakapu ka tiyi mawa ndi chikho cha thobwa. Madzi onyikira akhale owiritsa, ndipo mizu imene yagonera m'botolo masiku ambiri, makamaka kutentha kwa Okutobala, itayeni.

Musayambe zinthu ziwiri zatsopano sabata imodzi. Mukayamba nimu, chamwamba ndi kufukiza bulugamu tsiku limodzi, wodwala akapeza bwino simudziwa choyamika, akatuluka ziwengo simudziwa chosiya. Chimodzichimodzi, ndipo pakati pazikhala masabata awiri.

Tsamba lomaliza likhale la ndalama. Lembani chilichonse: ya sing'anga, ya botolo, ya njinga yahayala, nkhuku imene munapereka. Mabanja ambiri amadzidzimuka akaphatikiza.

Zimene thupi limabisa

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandidetsa nkhawa. Pali matenda amene zala sizingayeze. BP ikhoza kukwera munthu akuseka, akulima, osamva kalikonse, mpaka tsiku limene adzagwe ziwalo zitafa mbali imodzi. Wodwala BP akati "chiyambireni kumwa adyo ndi mandimu ndikumva kupepuka", lembani, ndi zoona zake. Koma pambali pake pakhale nambala ya pamakina. Ikamakhala 140/90 kapena kupitirira, BP ikadali yokwera, kaya thupi likupepuka. Shuga nayenso chimodzimodzi: woweruza ndi dontho la magazi la pachala. Choncho kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, pitani kukiliniki yapafupi, mukayezetse, mulembe nambala ndi tsiku. Wodwala azikayezanso kulemera kwake, pa sikelo yomweyomweyo nthawi zonse, chifukwa masikelo amasiyana.

Kwa amene ali pa ma ARV, muyeso weniweni ndi viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Kunenepa ndi kusalala kwa khungu n'zabwino, koma sizinena kuti kachilombo katha. Achikulire akukumbuka mu 1995 pamene chinamtindi cha anthu chinakhamukira ku Machinga m'Malawi kukamwa mchape wa a Billy Chisupe, amene ankati umachiza Edzi. Chiyembekezo chinali chachikulu, koma umboni wa m'magazi wakuti kachilombo kachoka sunapezeke. Mpaka lero palibe muzu kapena botolo limene latsimikizidwa kuti limachotsa HIV. Aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, mapiritsi a TB, a BP, a shuga kapena a khunyu kuti mankhwala ake agwire bwino, musabwererekonso. Mankhwala a TB ndi a miyezi isanu ndi umodzi ngakhale chifuwa chitasiya mwezi woyamba, ndipo Coartem wa malungo ndi wa masiku atatu athunthu ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri. Onsewa m'zipatala za boma ndi aulere.

Dziwaninso kuti zina zimalimbana m'thupi. Ma ARV otchedwa TLD amene ambiri akumwa tsopano salowa bwino m'magazi akamwedwa pamodzi ndi mankhwala a chilungulira kapena mapiritsi owonjezera calcium ndi iron. Anamwino adzakuuzani mmene mungasiyanitsire nthawi. Chitsamba chakunja chotchedwa St John's wort, chimene chimapezeka m'mabotolo ena ogulitsidwa, chimafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olera. N'chifukwa chake botolo lopanda chizindikiro, losanena zimene zili m'kati, logulitsidwa m'basi kapena pamsika, ndi loopsa kuposa tsamba limene mwathyola nokha kuseri kwa nyumba. Bungwe la boma loyang'anira mankhwala m'Zambia ndi ZAMRA, ndipo asing'anga ali ndi bungwe lawo la THPAZ. Kufunsa sing'anga ngati ali m'bungwelo si mwano.

Pamene muyenera kutseka kope n'kunyamuka

Pali mawu amene apweteketsa anthu ambiri: "Asiyeni, matenda akutuluka." Munthu akusanza, akutsekula m'mimba kosalekeza atamwa mankhwala, achibale n'kumakondwera. Chimene chikutuluka pamenepo ndi madzi a m'thupi, ndipo impso ndi zimene zimavulala. Siyani mankhwalawo, mpatseni ORS, pitani kuchipatala. Chitaninso chimodzimodzi maso akasanduka achikasu, mkodzo ukachepa kwambiri kapena ukada ngati tiyi wopanda mkaka, nkhope ndi milomo zikatupa, khungu likayamba matuza, chimbudzi chikada bii kapena chikakhala ndi magazi, munthu akayamba kubwebweta, kukomoka kapena kubanika. Pakamwa pakapotoka kapena mkono ukafooka mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Pamene anatema mphini pakatupa, pakatentha kapena pakatuluka mafinya, pakaonedwe. Ndipo lezala ikhale yatsopano, ya munthu mmodzi.

Mwana ndiye sachedwa kufooka. Akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akangoti lefu osadzuka, nyamukani. Werengani mpweya wake kwa mphindi imodzi ali phee: wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akafika 40, akupuma mothamanga ndipo chikhoza kukhala chibayo. Thupi likatentha kufika 38, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Lamba woyezera mkono wa mwana akaonetsa kofiira, kutanthauza kuchepera masentimita 11.5, mwanayo akufunika thandizo la kuchipatala, phala la chamwamba palokha silikwanira. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisamwetsedwe muzu uliwonse, bere lokha. Amayi oyembekezera, mankhwala ofulumizitsa kubereka monga mwanamphepo akhoza kung'amba chiberekero. Amenewa si oyesera m'kope.

Ponyamuka tengani kope ndi botolo lomwe. Kaya mwapita kukiliniki ya Kapata, ku Chipata Central Hospital, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete, dokotala akaona zimene wodwala wamwa ndi tsiku limene anayamba, ntchito yake imafulumira. Ndikudziwa kuti ambiri amabisa poopa kukalipiridwa. Kukalipiridwa kumatha tsiku lomwelo, pamene kubisa kukhoza kuchititsa kuti dokotala asake matenda kolakwika. Ingonenani modekha kuti, "Adokotala, amayiwa akumwanso izi, ndalemba apa."

Kuwerenga kope pakutha pa masabata anayi

Sankhani tsiku, khalani atatu: wodwala, wolemba ndi amene amasunga ndalama. Musayang'ane tsiku limodzilimodzi, yang'anani sabata ndi sabata. Funsani kuti sabata yoyamba ija, mankhwala asanayambe, nambala imene inkabwera kawirikawiri inali iti, nanga sabata yachinayi ndi iti. Kusiyana kwa chala chimodzi kwa masiku awiri musakuwerengere. Ine ndimakhulupirira kusintha pamene zala zatsika ndi ziwiri, zakhala choncho masabata awiri, ndipo ntchito imene inkakanika ija yayamba kutheka.

Musanayamike mankhwala, funsani zina zimene zasintha. Kodi kupalira kwatha, msana n'kupuma? Kodi kuzizira kwa Juni ndi Julayi kwadutsa, mawondo n'kumasuka? Kodi mwana wa ku Lusaka watumiza ndalama, panyumba n'kuyamba kupezeka ndiwo zabwino? Sikelo ikatsika mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, mwina vuto ndi chakudya. Danga la zachilendo lija ndi limene lidzakukumbutsani zonsezi, choncho musamalisiye lopanda kanthu: maliro, mkangano, ulendo, alendo, zonse zimakhudza tulo ndi ululu.

Mukhoza kupeza zinthu zitatu. Ngati zala zatsika, manambala a kuchipatala ali bwino ndipo palibe chovuta chatsopano, pitirizani, koma anamwino adziwe, ndipo muziwerenganso kope mwezi ndi mwezi. Ngati palibe chasintha, siyani, ngakhale wogulitsa akuti botolo lachitatu ndiye limagwira. Ndalamayo mugule mazira, mtedza ndi kapenta. Chachitatu ndiye chofuna nzeru: wodwala akumva bwino mumtima, akugona, akuseka, koma sikelo ikutsika kapena BP ikukwera. Apa musamulande chimene chikumutonthoza ngati ndi chosavulaza, monga kuthowa, kusisita kapena mapemphero, koma bwererani kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa matendawo akupitirira.

Kwa amene akudwazika munthu wa matenda osachiritsika, monga khansa imene yafika patali, kope limasintha ntchito. Simukusakanso kuchira. Mukufunsa ngati ululu wachepa, ngati wagona, ngati nkhawa yatsika, ngati wapeza womuuza zakukhosi. Zala za ululu zikamakhala zinayi kapena zisanu masiku awiri otsatizana, kauzeni a kuchipatala, chifukwa mankhwala amphamvu oletsa ululu alipo ndipo si bwino kuti munthu azibuula usiku wonse. Onjezani mzere umodzi wa inu wodwazika, mudzifunse zala zingati za kutopa. Zikafika zinayi, itanani achibale kapena a mumpingo mugawane masiku.

Sing'anga naye muonetseni kope. Amene ali woona mtima amakondwera kuona mmene wodwala wake akuyendera, ndipo ambiri otere amanena okha kuti "izi zapitirira ine, pitani kuchipatala". Amene akwiya poona kuti mukulemba, kapena akuletsani kukayezetsa, wakuuzani zokwanira za iye mwini.

Kope limeneli lili ndi zinsinsi za munthu, choncho lisakhale patebulo pofikira alendo. Liikeni m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi makadi a kuchipatala, musunge m'sutikesi, ndipo musaonetse wina aliyense mwini wake asanalole. Likadzaza musataye, lembani pachikuto mwezi umene linayamba ndi umene latha, mugule lina.